Mkonzi akuti ndisinthe mathero a nkhani yanga

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wophunzitsa kupulayimale ku Mchinji. Adalemba nkhani yaifupi ya mtsikana wothawa ukwati wokakamizidwa, ndipo kumapeto mtsikanayo amafa pangozi ya minibasi. Mkonzi amene adamutumizira nkhaniyo wati imfayo ichoke. Funso lawo ndi lakuti: "Ndikavomera, nkhaniyi ikhalabe yanga?" Pansi pa kalatayo awonjezera kuti awasamutsira kusukulu ina yakutali, ndiye chilichonse chikuwawawa.

Mayi, ndiyambe ndi kukufunsani: mtsikanayu mudamupheranji? Ndikufunsa chonchi chifukwa inenso ndidaphapo anthu ambiri m'nkhani zanga, ena ndi minibasi yomweyo, ena ndi malungo. Kunena zoona, ambiri adafa chifukwa ndidasowa pomalizira. Kumusiya wamoyo kukadafuna kuti ndidziwe kumene akagone usiku umenewo, ndani amupatse nsima, akanena chiyani akakumana ndi malume ake pamsika. Ntchito imeneyo ndinkaithawa.

Agogo anga ankati akayamba "Padangokhala", ife tikayankha "Tili tonse", sitinkadziwa Kalulu athera pati. Tsiku lina ankathawira kudzenje, tsiku lina ankagwidwa n'kupulumuka ndi pakamwa pake. Ankayang'ana nkhope zathu pamoto paja, akaona wina akusinza, Fisi ankatulukira pomwepo. Koma Kalulu sadasandukepo chitsiru. Msana wa nthano sunkagwedezeka, zinazo zinkasintha.

Ndiye pezani msana wa nkhani yanu. Ngati mukufuna kunena kuti mudzi wonse udamukankhira mwanayu kumanda, imfayo ikhale, koma ichokere m'zochita za anthuwo, osati m'tayala lophulika. Ngati mukunena za kulimba mtima kwake, mkonziyo waona bwino kuposa inu, ngakhale zikuwawa.

Kudzudzulidwa sikudayambe ndi inu. Gulu la alembi lomwe lidayamba ku Chancellor College mu 1970 linkakumana n'cholinga chomwecho: wina awerenge, anzake ang'ambe. Nthawi imeneyo lamulo lounika zolembedwa la 1968 linali pakhosi, ndipo alakatuli ankabisa mawu m'mikuluwiko. Riferendamu ya pa 14 June 1993 itadutsa, pakamwa padatseguka, ndipo luso lobisa lija lidayenera kupeza ntchito ina. Dziko likasintha, cholembera nachonso chimafunsidwa mafunso atsopano.

Chitani izi: lembani mathero onse awiri, lililonse tsamba limodzi. Musiye sabata yathunthu osawayang'ana. Kenako muwawerenge mokweza pamaso pa aphunzitsi anzanu awiri, osawauza lomwe mumalikonda, ndipo muone pamene ayambe kugwiragwira foni.

Za kusamutsidwa ndilibe mankhwala, ndipo sindikunamizani kuti n'zabwino. Kungoti mtsikana wanu akapulumuka adzafika kumalo kosadziwa munthu, atanyamula chikwama chimodzi. Mwezi wamawa inuyo mudzadziwa bwino momwe usiku woyamba umakhalira. Kope lisakhale pansi pa katundu.