Funsani dokotala: amayi akuiwalaiwala, mankhwala atsopano aja angathandize?

Funso: Adokotala, ndine mzimayi wa ku Dwangwa. Amayi anga ali ndi zaka 74, ayamba kuiwala moti amafunsa chinthu chimodzimodzi kangapo, sabata yatha anatuluka usiku anawapeza m'mawa m'munda wa nzimbe ndiye ena ayamba kunena kuti amatamba. Achimwene ali ku Joni akuti kunja kwatuluka mankhwala ake. Ndi zoona?

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Ndiyambe ndi za ufitizo chifukwa zingawapweteke msanga kuposa matendawo. Amayi anu si mfiti ayi. Kutuluka usiku n'kusochera, kuiwala mayina a zidzukulu, kunena kuti mwawabera ndalama pomwe anaibisa okha, zonsezi timaziona kwa anthu odwala dementia, matenda a ubongo oiwalitsa munthu, ndipo choopsa n'chakuti gulu likawazungulira n'kumawafunsa mwaukali kuti munaulukira kuti, akhoza kuvomera chilichonse poti mutu wasokonezeka kale. Pitani kwa amfumu mukafotokoze kuti ndi odwala, anthu amve zisanafike poipa. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Matendawa ali ponseponse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2021 anthu 57 miliyoni anali nawo, ndipo oposa 60 pa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Ambiri amakhala ndi mtundu wa Alzheimer, pomwe mapuloteni a amyloid ndi tau amaunjikana mu ubongo n'kumapha maselo pang'onopang'ono. Mtundu winanso umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikawonongeka ndi BP, shuga kapena sitiroko.

Achimwene anu sanamve zabodza koma anamva theka. Ku America anavomereza lecanemab mu 2023 ndi donanemab mu 2024, mankhwala ochotsa amyloid ija. Sachiza. Pa kafukufuku wa miyezi 18, lecanemab anangochedwetsa matendawo ndi 27 pa 100, wodwala amaiwalabe, kungoti liwiro limachepako. Lecanemab poyamba amaperekedwa pa dripi masabata awiri alionse, kwa okhawo amene matenda angoyamba kumene, mtengo wake mu 2023 unali madola 26,500 pachaka, komanso pamafunika sikani ya MRI yojambula ubongo pafupipafupi chifukwa ena ubongo umatupa kapena kukha magazi. Ndiye wina akakutumizirani meseji pa WhatsApp kuti ali ndi botolo lobwezeretsa nzeru, chonde ndalama zanuzo sungani. Alipo mankhwala akale monga donepezil ndi memantine, amachepetsako zizindikiro kwa kanthawi, amenewo adokotala ndi amene angaone ngati akuyenera.

Chomwe ine ndikufuna mupange sabata ino n'kupita nawo ku chipatala cha boma ku Nkhotakota, mupite inuyo amene mumakhala nawo chifukwa mbiri yanu ndi imene imatithandiza kwambiri. Akawayeze BP, shuga, magazi, HIV ndi chindoko, musachite manyazi poti ndi achikulire. Kusowa vitamini B12, vuto la chithokomiro ndi matenda okhumudwa zimafanananso ndi dementia koma zimachizika. Ku America mu May 2025 anavomereza kuyeza Alzheimer ndi magazi a pamkono, ndi nkhani yabwino ndithu, koma ine chimandisangalatsa kwambiri ndi mafunso oyezera dementia otchedwa IDEA omwe anapangidwa ku Hai ku Tanzania, oti ngakhale gogo woti sanapite kusukulu akhoza kuyezedwa nawo popanda makina.

Ngati tsiku lina asokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, kaya akungogona kapena thupi latentha, musadikire, akhoza kukhala malungo, chibayo kapena matenda a mchikhodzodzo. Pakhomo asamagone okha, machesi ndi mankhwala a kumunda muziika patali, ndipo muwasokere nambala yanu ya foni pa zovala. Akabwereza funso ingoyankhaninso basi, kukalipa kumangowawonjezera mantha.

Funso: Ndine msodzi wa ku Senga Bay, zaka 52. Bambo anga anamwalira ataiwala aliyense. Inenso zindipeza?

Yankho: Bambo, kukhala ndi kholo lomwe linadwala kumakweza chiopsezo koma sikuti basi zagamulidwa, ndipo apa ndi pomwe kafukufuku wabweretsa zogwirika kwa ife. Mu 2024 akatswiri a Lancet Commission anatchula zinthu 14 zoti zitakonzedwa pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa ikhoza kupewedwa kapena kuchedwetsedwa, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama zakunja. BP ili pamwamba kwa ine chifukwa siimva kupweteka, munthu amangoyenda nayo zaka zambiri ikuwononga ubongo mwakachetechete, ndiye kayezetseni, akakupatsani mapilisi muzimwa tsiku lililonse osati pokhapokha mutu ukapweteka, komanso mchere muchepetse, makamaka inu a kunyanja amene nsomba zamchere sizisowa pa mbale. Shuga chimodzimodzi. Fodya musiye, kachasu wa padoko mukabwera ku usodzi uja naye amadya ubongo. Mukakwera kabaza wa njinga yamoto valani chisoti, kuvulala mutu kuli pa mndandanda womwewo.

Ziwiri zomwe anthu amadabwa nazo ndi makutu ndi maso. Munthu akasiya kumva bwino kapena ng'ala ikaphimba maso amayamba kukhala yekha, kumudzi sacheza, kutchalitchi kapena kumzikiti sapita, ubongo umasowa ntchito. Ng'ala amachotsa ndi opaleshoni yaifupi, ndiye mukaona maso ayamba chifunga pitani ku Salima akakuoneni, ndipo ngati amayi anu alipo muwatenge tsiku lomwelo akayezetse limodzi nanu.