Ku London nkutali bwanji? Yankho kwa amayi a ku Katete

Amayi ena a ku Katete anandilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo ndi nesi ku England, wachira kumene, ndiye awaitana kuti akasambitse mdzukulu. Chawasokoneza nchakuti achimwene awo anawauza kuti ndeke ya ku London imayenda maola 10 chabe, koma tikiti yomwe mwana watumiza ikuonetsa tsiku lonse lathunthu, ndiye akuti wabodza ndani apa?

Amayi, palibe wanama. Mukakoka chingwe kuchoka pa Lusaka kufika pa London ndi makilomita pafupifupi 7,900, ndipo kale British Airways inkauluka mtunda umenewu osaima paliponse, maola 10 omwe akunena achimwenewo. Koma inasiya kubwera ku Lusaka mu 2013. Achimwene akukumbukira zakale basi, monga agogo amene amakuuzabe mtengo wa buledi wa nthawi ya Kaunda.

Manje masiku ano mumayamba mwapita kwa eni ndeke kaye. Mukakwera Ethiopian mukatsikira ku Addis Ababa, makilomita ngati 2,900, kenaka ena 5,900 kukafika London, onse pamodzi kupitirira pang'ono 8,800, njira iyi siyokhota kwambiri. Koma Emirates, eee, iyo imakutengerani kum'mawa ku Dubai, makilomita 5,400, maola 7 muli mmwamba, nkudzakweranso ina ya makilomita 5,500, ndiye mwayenda pafupifupi 11,000 paulendo woti ukanakhala 7,900. Kuli ngati kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka koma kudzera ku Lundazi kaye. Qatar nayo chimodzimodzi, imadzera ku Doha.

Ndipo chomwe chimadya nthawi kwenikweni si kuuluka ai, ndi kudikira pa eyapoti yapakatiyo. Pa tikiti yanu muone bwino maola a pakati pa ndeke ziwirizo. Ine munthu woyamba kukwera ndeke sindimulangiza kutenga ya ola limodzi, eyapoti ya Dubai ndi tauni payokha, mutha kuyenda mpaka miyendo kuwawa musanapeze geti yanu. Maola atatu kapena anayi ndiye bwino, mumwe tiyi mtima uli m'malo.

Chinanso, nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za kumaloko, yonyamukira ndi ya komwe ndeke ikunyamukira, yofikira ndi ya komwe ikuterako. Dubai ili patsogolo pathu ndi maola awiri, London ili kumbuyo ndi maola awiri nthawi yawo yozizira, ola limodzi nthawi yawo yotentha. Mukangochotsera manambala ngati masamu a ku pulayimale mupeza zolakwika.

Koma amayi, funso lomwe simunafunse ndi lomwe landikhudza ine. Ife akum'mawa ulendo wathu suyambira pa Kenneth Kaunda International, umayambira pa basi ya mbandakucha, Great East Road yonse ija, kuima pa Luangwa Bridge kugula nsomba zouma (musazitenge kupita nazo ku London chonde), kukafika Intercity thupi lonse lili zii. Kuchoka pa Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Pomwe Lilongwe ili pakhomo penipeni, kuchoka pa Chipata pomwepo kudutsa boda ya Mwami makilomita ngati 140, ndipo pa Kamuzu International Ethiopian imatera, Kenya Airways nayonso. Muuzeni mwanayo asanalipire ayerekeze mitengo ya konse kuwiri, ndipo ngati tikiti wagula kale ya ku Lusaka, mukagoneko tsiku limodzi, musadalire basi ya tsiku lomwelo.