Mwana wanu wolemba mobisa

Amayi, mwafunsa za mtsikana wanu wa zaka 14 amene amalemba ndakatulo m'kope n'kulibisa, koma mukamutchula kuti mlembi amakwiya. Musade nazo nkhawa. Pa msinkhu umenewu mwana amakhala akudzifunsa kuti iyeyo ndi ndani, nkhani imene katswiri wa zamaganizo Erik Erikson anailemba kwambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Dzina lomupatsa kholo amaliona ngati malaya obwereka. Amafuna alipeze yekha.

Kope lija musalitsegule iye kulibe. Akangodziwa kuti munawerenga, amasiya kulemba zakukhosi n'kuyamba kulemba zoti zikusangalatseni, mwinanso kusiyiratu.

Chimene chimamuchititsa kudziona kuti ndi mlembi ndi ntchito imene waimaliza. Achinyamata ambiri amakhala ndi nkhani khumi zoyambayamba, yofika kumapeto palibe, chifukwa amathamangira kulemba buku lonse. Mulimbikitseni ayambe ndi zazifupi, nkhani ya masamba awiri kapena ndakatulo ya mizere 12. Mphindi 15 katatu pa mlungu n'zokwana. Akamaliza aisiye masiku atatu, kenako aiwerenge mokweza, poti khutu limagwira mawu okhota amene diso lawalumpha.

Tsiku limene adzakupatseni yekha kuti muwerenge, apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa. Ena amatenga cholembera n'kuyamba kukonza kalembedwe ka mawu ngati aphunzitsi, ena amangoti "zabwino kwambiri mwanangu." Zonsezi sizimuthandiza. Woyambayo wamuuza kuti kulemba ndi mayeso, wachiwiriyo mwana amadziwa kuti sanawerenge bwinobwino. Lozani mzere umodzi umene wakukhudzani, munene chifukwa chake, kenako mufunse funso limodzi, monga "mnyamata wa m'nkhaniyi anakhaliranji chete?" Funso lotere limamuonetsa kuti anthu amene anawapeka akhala enieni m'mutu mwa munthu wina.

Mukaona akulemba motsanzira wolemba amene amamukonda, musiyeni, ambiri amayambira pomwepo. Cholakwika n'kukopera mawu a mwini n'kuikapo dzina lake.

Za kuika pa Facebook, ine ndingati adikire kaye. Akazolowera kuyeza ndakatulo ndi chiwerengero cha ma "like", amayamba kulembera gulu. Bola anzake awiri kapena atatu olembanso, azisinthana makope kamodzi pa mwezi.