Bokosi la maganizo pantchito: kodi alichotse kapena likhale?

Mayi ena amene ali ndi malo ophikira buledi ku Matero mu Lusaka anditumizira funso pa imelo. Akuti anapachika bokosi pafupi ndi khomo kuti antchito aziponyamo maganizo othandiza kuti ntchito iziyenda bwino, koma akalitsegula amapezamo madandaulo a malipiro okhaokha, ndipo masabata ena amalipeza lopanda kanthu. Akufunsa ngati njira imeneyi imabweretsadi zatsopano pantchito, kapena ndi bwino angolichotsa.

Amayi, musalichotse. Njirayi imathandiza, koma chimene chimaipatsa mphamvu ndi yankho limene wantchito amalandira akapereka ganizo lake. Amene amakanda ufa usiku wonse ndiye amadziwa mbali ya uvuni imene imapsereza buledi, ndipo dalaivala amene amagawa buledi m'mashopu ndiye amadziwa ola limene msewu wa Lumumba umadzaza magalimoto. Nzeru zimenezi zilipo kale pakati pa antchito anu, ndipo zimatuluka pokhapokha munthu ataona kuti kulankhula kwake sikupita pachabe.

Njirayi ndi yakale. Mu 1880, William Denny, amene ankapanga sitima zapamadzi ku Dumbarton ku Scotland, anayamba kupereka mphoto kwa antchito obweretsa maganizo abwino. Mu 1898, kampani ya Kodak inapatsa wantchito wina madola awiri chifukwa chonena kuti mawindo azitsukidwa kuti kuwala kuzilowa. Toyota inakhazikitsa dongosolo lake mu 1951, Eiji Toyoda, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, atapita kukaona mafakitale a Ford ku America mu 1950, ndipo inalimbikira kwambiri maganizo ang'onoang'ono ochuluka, omwe ndiwo mtima wa kaizen, njira ya ku Japan yowongolera ntchito pang'onopang'ono mosalekeza. Kuno kwathu, bungwe la Kaizen Institute of Zambia limaphunzitsa zomwezi, ndipo lakhala likugwira ntchito mothandizana ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko pa chitukuko.

Ganizo la mawindo lija ndimalikonda chifukwa ndi laling'ono. Antchito ambiri amakhala chete poganiza kuti abwana akufuna nzeru yaikulu yosintha kampani yonse, pamene chofunika ndi kunena kuti matumba a ufa aziikidwa pafupi ndi makina okandira kuti munthu asamayende nawo mtunda wautali. Choncho musamangonena kuti "perekani maganizo". Afunseni funso limodzi lolunjika mwezi uliwonse. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira maola ambiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Funso lakuti tingachepetse bwanji dizilo wa jenereta magetsi akazima, ophika anu angaliyankhe bwino kuposa munthu wa mu ofesi.

Ganizo lililonse liziyankhidwa sabata isanathe, ngakhale yankho litakhala lokana, ndipo pokanapo muzifotokoza chifukwa chake. Lotheka liyesedwe msanga, ndipo likagwira ntchito, dzina la mwini wake litchulidwe pamaso pa anzake. Apa m'pofunika kuyang'anitsitsa akapitawo, chifukwa ganizo la munthu wamba likafika kwa inu ngati la kapitawo, munthuyo sadzalankhulanso, ndipo anzake adzaphunzirapo. Mphoto ikhale yochepa koma yobwera msanga. Mphoto yaikulu ya kamodzi pachaka imadzetsa kaduka ndipo imachititsa anthu kubisirana nzeru. Chinanso chimene ndikuchinena ndi mtima wonse n'chakuti ganizo likachepetsa ntchito, musachotse munthu chifukwa cha ganizolo, pakuti palibe amene angapereke nzeru yodzalandira nayo kalata yomuchotsa ntchito.

Kumbukiraninso kuti si onse amene amamasuka kulemba Chingelezi. Aloleni alembe m'Chinyanja kapena m'Chibemba, atumize mawu pa WhatsApp, kapena anene pakamwa pa msonkhano waufupi ntchito isanayambe.

Za madandaulo a malipiro, musakhumudwe nazo, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Madandaulowo akusonyeza kuti antchito analibe pena pokanenera zimenezi. Apatseni tsiku lawolawo lokambirana za malipiro, kenako mutenge timapepala tonse timene munasunga, muyankhe kalikonse, ndipo mumate funso loyamba pamwamba pa bokosilo Lolemba likubwerali.