Kwa achimwene aku Mufakose omwe amaliza Saga asanatsike kombi

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Mufakose, kuno ku Harare. Akuti mnzawo anawabwereka buku loyamba la Saga, komiki ija ndimangoitamandira kuno, ndiye anayamba kuwerenga atakwera kombi mtauni, pofika kwawo anali atamaliza. Funso lawo ndi lakuti: chokoma chake chili pati, poti mawu ndi ochepa, ndipo anthu a nyanga ndi mapiko si za ana zimenezo?

Achimwene, ndiyambe ndi la analo chifukwa ndilofulumira. Saga si ya ana ngakhale pang'ono, muli zogonana, magazi, mitembo, mawu otukwana, ndiye musaisiye pa tebulo pamene adzukulu akudutsa. Analemba ndi Brian K. Vaughan wa ku America, wojambula ndi Fiona Staples wa ku Calgary ku Canada, ndipo kampani ya Image Comics inayamba kuitulutsa mu 2012. Buku mwawerengalo lili ndi manambala sikisi oyambirira, poti komikiyi imatuluka m'zigawo za manambala, ndipo linapata mphoto ya Hugo Award mu 2013.

Koma vuto lenileni ndi liwirolo. Inu mwawerenga mawu okha, zithunzi mwangozidutsa ngati zokongoletsa, pamene theka la nkhaniyo lili mu zithunzimo ndipo silinalembedwe paliponse. Tabwererani ku peji loyamba. Palibe zombo za m'mlengalenga, palibe nyenyezi, pali nkhope ya Alana basi itadzaza peji lonse, thukuta lili kamukamu, akubereka, ndipo chimene akufunsa ndi funso lochititsa manyazi la thupi lake lomwe azimayi okha amene anadutsamo angalimvetse. Nkhani ya nkhondo ya mapulaneti koma ikuyambira kuseri kwa galaja, mwana akubadwa. Kenako Marko, bambo wa mwanayo, akudula mchombo ndi mano, lupanga lili m'chiuno pomwepo, chifukwa analumbira kuti sadzalisololanso. Palibe amene akukuuzani kuti munthuyu nkhondo inamutopetsa mtima, mukungoona mwamuna wamkulu akulimbana ndi mchombo ndi mano basi mwadziwa.

Ndiye onaninso mawu aja olembedwa pamanja, opanda bokosi, ongoyandama pa chithunzi. Amenewo ndi a Hazel, mwana wobadwayo, akufotokoza atakula kale, ndipo Staples amawalemba yekha ndi dzanja lake pamene mawu ena onse amaikidwa ndi Fonografiks, woika zilembo m'komikiyi. Zimenezi zimandigwira mtima kwambiri, chifukwa pa chithunzi mukuona khanda losadziwa kanthu koma liwu lake likudziwa kale amene adzafe, amene adzathawe, ndiye nthawi zina akulankhula mokoma pamene chithunzicho chikuonetsa zoopsa, inu owerenga muli pakati pa ziwirizo. Mukathamanga simungazimve.

Za nyanga ndi mapikozo, achimwene, inu ndi ine tikuyenera kuzimvetsa kuposa ena. Alana ndi wa ku Landfall, kwa anthu a mapiko. Marko ndi wa ku Wreath, mwezi wozungulira Landfall yomweyo, kwa anthu a nyanga. Mbali ziwirizi zikumenyana kuyambira kalekale, koma poti kuphwanya imodzi kungasokoneze inzake, anasamutsira nkhondoyo ku maiko a eni ake, kwawo kuli zii pamene kwina anthu akutha. Hazel anabadwa ndi timapiko komanso tinyanga, ndipo maboma onse awiri akumusaka chifukwa kungokhalapo kwake kukuonetsa kuti adaniwa atha kukondana. Ife amene agogo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ife obadwira ku Mbare ndi ku Highfield amene makolo athu ankayenda ndi chitupa cholembedwa kuti ndi alendo mpaka malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anasintha zinthu, tikapita ku Malawi akuti Chichewa chathu chikumveka Chishona, tikakhala kuno akuti kwanu nkuti, mwana ameneyu sitingamuone ngati chidole ayi. Vaughan sankaganiza za ife polemba, koma nkhani yolembedwa bwino imakupeza komwe uli.

Tsopano pa kajambulidwe. Staples amajambula pa kompyuta, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti anthu ali ndi mizere yakuda yolimba pamene kumbuyo kwao, mitengo, mitambo, makoma, ndi utoto wofewa wopanda mizere. Ndiye diso limathamangira ku nkhope nthawi zonse, ndipo nkhope ndi pamene mayiyu ali katswiri. Alana akakwiya ndi nsidze imodzi yokha imene yakwera. Ngakhale Prince Robot IV, amene mutu wake ndi TV ndipo alibe nkhope konse, mumadziwa zimene akumva chifukwa sikirini yake imatulutsa zithunzi za m'maganizo mwake iye asakufuna, pakamwa akunena zaufumu koma sikirini ikuulula mantha a ku nkhondo. Izabel, mzukwa wa mtsikana amene amalera Hazel usiku, anafa ataponda bomba lokwirira, ndipo amajambulidwa theka la thupi matumbo akulendewera, koma ndi iyeyo wansangala kuposa onse. Mumayamba mwanyansidwa naye, pakutha pa buku mukumukonda.

Malo amene ndinaikapo buku pansi kaye ali kutsogolo, nambala 14. Kuli mphaka wamkulu, Lying Cat, amene amadziwa mawu amodzi okha, amanena kuti bodza munthu akanama. Poyamba amangoseketsa. Ndiye kamtsikana kena, Sophie, kopulumutsidwa komwe kankagulitsidwa, kakhala pambali pa mphakayo kakudzifotokoza dzina, zaka, zimene kamakonda, mphaka ali chete, kenako kanena kuti ndi kodetsedwa mkati chifukwa cha zimene kanachitidwa. Mphaka akuti bodza. Peji limodzi basi, ndipo Staples sanawonjezere misozi kapena chilichonse, kamwanako kangomukumbatira. Mawu amodzi aja anawasunga manambala onsewo kuti adzagwire ntchito imeneyi.

Sikuti zonse ndimagwirizana nazo. Vaughan amakonda kupha anthu amene wakuzoloweretsani, ndipo nthawi zina ndimaona kuti akungofuna kutidzidzimutsa, zolaula zinanso sizithandiza nkhani. Komanso muyenera kuleza mtima, itafika nambala 54 mu 2018 anapumira mpaka Januwale 2022, ndipo anena kuti yonse idzakhala manambala 108.

Ndiye musabweze bukulo kaye. Werenganinso mutakhala pansi kunyumba, magetsi akapita dikirani kuwala kwa m'mawa chifukwa utoto wa Staples sufuna tochi ya foni. Peji lililonse yambani mwayang'ana lonse musanawerenge liwu, muone amene akuyang'ana mnzake ndi amene wayang'ana kumbali, ndipo musasuzumire kutsogolo chifukwa peji lomaliza la nambala iliyonse analikonza kuti likugwereni mukangotembenuza. Mukamaliza mufunseni mnzanuyo ngati ali ndi buku lachiwiri, m'menemo makolo a Marko ali nawo m'chombo cha mtengo chimene Alana ndi Marko akuthawiramo chija, ndipo Alana akuyenera kukhala ndi apongozi amene mtundu wake unawaphera abale.