Kodi maenje a migodi yosiyidwa angasanduke bwalo lathu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Makanjira, m'boma la Mangochi. Akuti anaona pa Facebook zithunzi za mgodi wakale ku Ulaya momwe anthu amachitiramo zoimbaimba, ndiye akufunsa ngati maenje amene okumba golide anasiya kwawoko, komanso chidzenje chomwe anaphwanyamo miyala ya msewu, angasanduke malo a magule ndi okopa alendo.

Aphunzitsi, zomwe munaonazo si nkhambakamwa. Ku Poland kuli mgodi wa mchere wa Wieliczka, mkati mwake anasemamo tchalitchi chathunthu, guwa ndi zifanizo zonse zamchere, ndipo bungwe la UNESCO linaulemba m'kaundula wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 1978. Ku Kimberley, ku South Africa, alendo amalipira kuti aone Big Hole, dzenje la dayamondi lomwe anthu anakumba ndi mapiki ndi mafosholo kuyambira 1871 mpaka 1914. Koma umene umandigwira mtima ine ndi Big Pit wa ku Wales. Mgodi wa malasha umenewu unatsekedwa mu 1980, n'kutsegulidwanso mu 1983 ngati malo osungira mbiri. Mlendo amavala chisoti cha nyali n'kutsika mamita 90 pansi, ndipo omuperekeza poyambapo anali anthu omwe anagwirapo ntchito m'migodi. Anthu amapitira nkhani za m'kamwa mwa amenewo.

Maenje a golidewo ndikukanizeni poyera. Anakumbidwa m'dothi lofewa, opanda mizati yochirikiza, mvula ikangogwa amagumuka. Ngati potsuka golide ankathira mekyule, poizoni wake amakhalitsa m'matope. Amenewo mankhwala ake n'kuwakwirira ndi kubzalapo mitengo, asanameze mwana kapena ng'ombe ya wina.

Chidzenje cha miyalacho ndiye nkhani ina. Ndinafikapo pa china chotere nthawi ya chilimwe. Pansi panali madzi obiriwira, amayi akuchapa m'mphepete, ana akudumphira kuchokera pathanthwe. Mnyamata wina anaimba likhweru, khoma lamwala lija n'kumubwezera mawu bwinobwino. Ndinaganiza za beni: wisulo, ng'oma ndi mapazi a ovina zikumveka pakati pa makoma amenewo, anthu atakhala m'masitepe a mwala omwe anakumbidwa kale. Zingatheke ndithu, bola madziwo atapatsidwa ngalande, miyala yolendewera itagwetsedwa, pamwamba patazungulira mpanda. Musanakhudze kanthu, kambiranani ndi amfumu, kenako mukafunse kukhonsolo kuti malowo ali m'manja mwa yani, chifukwa mgodi ukhoza kuoneka wosiyidwa chikalatacho chili ndi mwini wake. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unaima mu 2014, koma unakhalabe ndi eni ake.

Tsono mukakonza bwalolo, mudzaikamo mbiri yanji? Apa m'pamene ndikufuna tiganize mofatsa. Mbiri yaikulu ya migodi ya anthu a ku Mangochi sili m'nthaka ya kuno. Ili m'nyumba za agogo amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba, mabungwe omwe ankalemba anthu ntchito ya kumigodi. Agogo anga aamuna anali ndi bokosi lachitsulo pansi pa bedi, mmene ankasungamo pasi yawo yothetheka m'makona, chisoti chophwanyika mbali imodzi, ndi jombo zomwe sankalola munthu kuzivala. Akakwiya ankatikalipira m'Chifanakalo, chiyankhulo cha kumigodi, ndipo usiku ankatsokomola mpaka tambala woyamba. Ankakumbukira bwino 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa zotumiza anthu kumigodi. Atamwalira, bokosi lija tinaligawana zinthu mosaganiza, pasi ija sindikudziwa komwe inathera. Zimandiwawa mpaka lero.

Madoda otere atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse tikuwaika m'manda ndi nkhani zawo. Inu muli ndi ana asukulu, ena mwa iwo amatha kujambula mawu pa foni. Atumeni kwa agogo awo ndi mafunso ochepa: munakwerera kuti, mgodi wake unali uti, munabwera ndi chiyani? Afunsenso agogo aakazi omwe ankatsala akulima okha zaka ziwiri. Mukapita kuboma, mudzadutse ku Lake Malawi Museum pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, mukawafunse kasungidwe ka mapepala akale kuti chiswe ndi chinyezi zisawadye. Mukajambula agogo atatu oyamba, munditumizire, ndidzawamvetsere.