Kodi wapampando angatseke msonkhano mmene wafunira?

Mayi wina wa m'bungwe la alimi watilembera imelo. Akuti pa msonkhano wawo wapachaka membala wina anapereka ganizo loti mabuku a msungichuma aunikidwe ndi munthu wapadera, wina n'kulisekonda. Wapampando anangoti, "Imeneyo ayi," n'kutseka msonkhano, kunyamula chikwama, ulendo. Mayiwa akufunsa ngati mphamvu zoterozo ali nazodi.

Alibe, mayi, pokhapokha malamulo a bungwe lanu atamupatsa mphamvuzo momveka bwino. Choncho yambani mwawerenga malamulowo, chifukwa ndiwo amaposa buku lililonse la kayendetsedwe ka misonkhano. Pomwe malamulo anu sananenepo kanthu, mfundo yake ndi iyi: msonkhano ndi wa mamembala. Ntchito ya wapampando ndi kutsegula msonkhano chiwerengero cha anthu chikakwana, kupereka mpata wolankhula, kusungitsa bata, kuvotetsa ndi kulengeza zotsatira. Chigamulo pa nkhani yeniyeniyo si chake.

Zomwe zakuchitikiraniyi zinafikapo kukhoti ku England mu 1894, pa mlandu wa National Dwellings Society ndi Sykes. Wapampando anatseka msonkhano nkhani ya ndalama isanathe, n'kutuluka. Otsalawo anasankha wapampando wina n'kupitiriza. Khoti linati wapampando sangaimitse msonkhano mwa kufuna kwake, ndipo otsalawo sanalakwe. Nanunso mukanatha kutero, bola chiwerengero chofunika chikanakhalapobe m'chipindamo. Kutseka msonkhano nkhani zisanathe kumafuna ganizo, wolisekonda ndi voti. Wapampando amatseka yekha pakagwa choopsa chenicheni, monga moto kapena ndewu.

Nanga kukana ganizo? Amaloledwa ngati ganizolo likuphwanya malamulo a bungwe, ngati labwera nkhani ina ili pakati, kapena ngati ndi nkhani yofuna chidziwitso pasadakhale koma sichinaperekedwe. Atchule chifukwacho pamaso pa onse. Kusalikonda ganizo si chifukwa.

Buku la kayendetsedwe ka misonkhano la Robert's Rules of Order, lomwe Henry Martyn Robert anatulutsa koyamba ku America mu 1876, limapereka njira yomubwezera wapampando mumzere. Imirirani pomwepo, osadikira kulozedwa, munene kuti, "Wapampando, ndondomeko yaphwanyidwa," n'kutchula lamulo lake. Iye agamule. Mukapanda kukhutira, nenani kuti, "Ndikuchita apilo pa chigamulo chanu." Pafunika membala mmodzi wosekonda. Zikatero nkhani yachoka m'manja mwake, agamula ndi mamembala. Mavoti opitirira theka akatsutsa, chigamulo chake chagwa; akafanana, chigamulo chimakhala. Akanyalanyaza apiloyo ngakhale mwaibwereza, bukuli limalola inuyo kuvotetsa anthu muli chiimire pamalo panu.

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Timaopa kudula mawu munthu wamkulu, makamaka akakhala mkulu wa mpingo kapena amene anayambitsa bungwe. Timakhala chete, maso pansi, n'kukayamba kudandaula pansi pa mtengo msonkhano utatha. Pamenepo madzi atayika kale, pakuti apilo imachitika nthawi yomweyo, nkhani ina isanalowe. Ulemu sukuletsani kuimirira. Mawu aulemu ndi omwewo, "Wapampando, pepani," koma anenedwe anthu asanabalalike.

Palinso mphamvu zina ziwiri zomwe apampando amakonda kudzipatsa. Choyamba ndi kudula zokambirana ena akufunabe kulankhula. M'buku la Robert zimenezi zimafuna magawo awiri mwa atatu a mavoti: pa anthu 30 ovota, 20 avomereze. Ndipo wapampando akafuna kutenga mbali pa mtsutso, apereke mpando kwa wachiwiri wake mpaka nkhaniyo itavoteredwa. M'komiti yaing'ono, ya anthu osapitirira 12, amaloledwa kulankhula ndi kuvota ali pampando pomwepo.

Chachiwiri ndi kuvota kawiri. Kwa Robert wapampando ali ndi voti imodzi basi, ndipo pa msonkhano waukulu amaiponya pa chisankho chachinsinsi kapena pamene ingasinthe zotsatira. Mavoti akakhala 14 kwa 14, ganizo lagwa, pokhapokha iye, amene sanavote, awonjezere yake. Mabungwe otsata mwambo wa ku Britain nthawi zambiri amamupatsa voti yachiwiri yothetsa mpikisano, koma imeneyo iyenera kulembedwa m'malamulo anu. Ngati mulibe, palibe.

Tsopano poti msonkhano wanu unabalalika kale, onani m'malamulo a bungwe lanu ndime yonena za msonkhano wapadera, muone kuti pamafunika mamembala angati osayina. Lemberani mlembi kalata yotchula ganizo la kuunika mabuku ndendende, kuti lilowe pa ajenda ndi m'chidziwitso chopita kwa mamembala. Powerenga maminitsi, umirirani kuti alembemo kuti ganizolo linaperekedwa koma silinavoteredwe. Ndipo popeza wapampando amasayina nawo zotulutsa ndalama m'mabungwe ambiri, ngati ndi momwemo kwanuko, pemphani kuti nkhani imeneyi aitsogolere wachiwiri wake. Akakana, magawo awiri mwa atatu a ovota angathe kuika munthu wina pampando pa msonkhano wokhawo.